Ntchito Yowerenga Anthu

Aliyense wokhala mu Blantyre amaidziwa Chichiri. Ukakwera minibasi kuchokera m'tauni kupita ku Limbe, ukangodutsa pa Ginnery Corner ndi pa Queens, kondakitala amayamba kufunsa ngati alipo otsika pa Shoprite. Kumeneko kuli mashopu owala, kuli Kamuzu Stadium kumene Bullets ndi Manoma amatidwalitsa mtima, kuli Museum, kulinso Bwalo Lalikulu la milandu. Chapafupi pomwepo, mtunda woti munthu ayenda wapansi osatuluka thukuta, pali ndende ya Chichiri. Malo ake ndi okwana anthu pafupifupi 800, koma kwa zaka zambiri yakhala ikusunga oposa kawiri chiwerengero chimenecho. Ambirife tikamanyambita ayisikilimu pa mall paja sitikumbuka n'komwe kuti kuseri kwake kuli tauni ina yathunthu.

Ndipo tikaikumbuka ndendeyo, timaganiza za akaidi basi. Sitiganiza za anthu amene amalowa pageti lija m'mawa uliwonse mwa kufuna kwawo, atavala yunifolomu, n'kutuluka madzulo fungo la m'maselo litawakakamira m'zovala. Funsani ana a Sitandade 5 ku Ndirande kapena ku Zingwangwa kuti akadzakula adzakhala ndani. Mumva dokotala, namwino, loya, woyendetsa ndege, msilikali. Sindinamvepo mwana akunena kuti adzakhala woyang'anira ndende.

Koma mng'ono wanga wanena. Ali ndi zaka 23, MSCE anakhoza bwino, ku yunivesite ya boma sanamutenge, ndipo kwa zaka zitatu wakhala pa kabenchi ku Limbe kugulitsa mayunitsi ndi kutumizira anthu ndalama pa foni. Atamva kuti a Malawi Prisons Service akulemba ntchito, anafunsira osauza munthu. Dzina lake linatuluka. Akuyenera kupita ku Mapanga, kusukulu kumene amaphunzitsira asilikali a ndende.

Kwathu ku Bangwe kunabuka moto. Amayi anati bola apitirize za mayunitsizo. Ndipo poti ine ndi wamkulu, onse awiri anandiimbira foni usiku umodzi womwewo, aliyense kufuna kuti ndikhale mbali yake.

Amayi ali ndi chifukwa chawo, ndipo si chopepuka. Ndili ndi zaka 10, akuba anathyola chitseko cha nyumba yathu pakati pa usiku. Bambo atayesa kulimbana nawo anawakhapa ndi chikwanje padzanja lamanja. Bambo anali kalipentala. Kuchokera tsiku limenelo dzanja lija silinagwirenso sowo. Awiri mwa akubawo anagwidwa, anaweruzidwa, anapita kundende. Ndiye amayi akamva zoti ufulu wa akaidi, nkhope yawo imasintha. Pa foni paja anandifunsa kuti, "Mwana wanga ndamuvutikira ine, akathere kukaphikitsa nsima ya anthu amene anapundula bambo ake?"

Sindinawayankhe tsiku limenelo. Yankho langa ndi lalitali, ndipo likuyambira pa chikwanje chomwecho. Bambo atavulala, pakhomo panalibenso ndalama yosungira ana anayi, ndiye ine ananditumiza kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ankagwira ntchito pa ndende ina ya paboma. Ndinakhala kulaini zaka zisanu.

*

Mwana wokulira kulaini amadziwa nthawi popanda wotchi. Kukacha kumamveka belu ndi kulira kwa maloko. Akaidi amatuluka, n'kunyonyomala m'mizere, asilikali n'kuyamba kuwerenga. Madzulo asanatsekeredwe amawerengedwanso. Nambala ikapanda kukwana, palibe msilikali wopita kunyumba. Amabwereza, n'kubwerezanso, mpaka apeze kuti wasowayo ali kuti, kaya ali kuchipatala, kaya kukhoti, kaya wina wangolakwitsa masamu. Kangapo konse nsima inkazizira patebulo tikudikira azakhali, ndipo akafika ankangoti, "Nambala inavuta."

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ntchito yawo yonse ndi yomweyo, kuwerenga mitu ngati mbusa wa ng'ombe. Nditakula, iwo atakwera kuchoka pa usajeni mpaka kukhala a OC, mkulu wa ndende yonse, m'pamene ndinayamba kumvetsa zimene zimakhala pa desiki la munthu ameneyu.

Choyamba ndi ichi: mkulu wa ndende sakana mlendo. Ahedi a sukulu atha kunena kuti malo atha. Mwini resitihausi atha kupachika chikwangwani choti zipinda zadzadza. Koma galimoto ikaima pageti la ndende ndi anthu 15 ndi mapepala osainidwa ndi khoti, a OC ayenera kuwalandira onse, ngakhale selo yoyenera anthu 40 ili kale ndi 100. Wamanga ndi wapolisi, walamula ndi majisitireti, lamulo analemba ndi aphungu, ndalama amagawa ndi a ku Capital Hill. Woyang'anira ndende amangolandira zotsatira za ntchito ya anthu ena onsewa, ndipo ndi iye amene amaziyang'ana m'maso.

Selo ikadzadza chonchi, ambiri sagona chogona. M'ndende muli mawu oti shamba: anthu amakhala pansi m'mizere pakati pa selo, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pa maondo, mpaka kuche. Ogona m'mbali mwa khoma ndi amwayi, kapena akale, kapena amene ali ndi kenakake kopereka. Amene amagawa malowa usiku, chitseko chikatsekedwa, ndi nyapala, mkaidi woikidwa kuyang'anira anzake. Azakhali ankati kusankha nyapala ndi chimodzi mwa zigamulo zazikulu za mkulu wa ndende. Ukasankha wankhanza, wapereka anthu 100 m'manja mwa fisi kwa usiku wonse, ndipo m'mawa palibe amene adzakuuze chimene chachitika.

Ndiye pali chakudya. Nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba, nthawi zambiri kamodzi patsiku. Mkulu wa ndende amadzuka akuganiza za matumba a chimanga, za chigayo, za nkhuni, za mchere, za madzi akasiya kutuluka. Amaganiza za mafuta a galimoto yokasiya odwala kuchipatala. Amaganiza za chifuwa chachikulu, chimene chimayenda mofulumira m'chipinda chopanda mpweya, ndipo sichisankha kuti uyu wavala zoyera za ukaidi, uyu wavala yunifolomu ya boma. Si pachabe kuti a Médecins Sans Frontières anakhalapo zaka zingapo akugwira ntchito ku Chichiri ndi ku Maula pa nkhani ya TB ndi HIV. Matenda a m'ndende amatuluka pageti limodzi ndi asilikali, ndi alendo odzazonda, ndi omasulidwa, n'kukakwera minibasi yomwe timakwera ife.

*

Koma azakhali anali ndi kuwerenga kwina kumene sikunali pa belu. Anali ndi kope lachikuto cholimba, lija timagula m'mashopu a ku Limbe, ndipo m'menemo ankalemba anthu a pa limandi okhaokha, amene mlandu wawo sunazengedwe. Dzina, tsiku lolowa, mlandu, tsiku limene anaonekera kukhoti komaliza, tsiku limene pepala lomusungira likutha mphamvu. Lachisanu lililonse ankakhala pakhonde ndi kope lija n'kumadula mizere ndi cholembera chofiira.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji akudzivutitsa, poti ku ofesi kuli mabuku a boma. Anati, "Mabuku a boma amandiuza kuti ndili ndi anthu angati. Ili limandiuza amene aiwalidwa."

M'kope limenelo munali bambo wina amene anamangidwa pa mkangano wa mbuzi. Wapolisi wofufuza mlandu wake anasamutsidwa, fayilo inasowa, achibale ake anali kutali ndipo ankaganiza kuti anaweruzidwa kale. Anakhala pa limandi kupitirira zaka ziwiri, nthawi yoposa imene akanakhala akanati apezeke wolakwa. Azakhali analemba makalata atatu osayankhidwa. Kenako tsiku lina anavala yunifolomu yositasita, n'kuyenda wapansi mpaka kukhoti, n'kukakhala pa benchi panja pa ofesi ya majisitireti mpaka atawaitana. Sabata yotsatira bamboyo anatuluka. Anadzera kulaini kudzatsazika, atanyamula kajumbo kamodzi, ndipo azakhali anamupatsa ndalama ya basi ya m'thumba mwawo.

Lamulo pa nkhaniyi si lobisika. Gawo 42 la Malamulo aakulu a dziko lino limati munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mu 2010 aphungu anaikanso malire a nthawi imene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu, ndipo khoti lokha ndi limene lingawonjezere. Papepala zili bwino. Koma pepala silidziwerenga lokha. Pamafunika munthu woti aone kuti tsiku ladutsa, ndipo munthu amene ali pafupi kwambiri ndi mkaidiyo si loya, si jaji, ndi msilikali wa ndende.

Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa nkhani imeneyi imene ambiri sitiidziwa. M'chaka cha 2000 kuno kunayamba ntchito ya ma paralegal, anthu ophunzitsidwa malamulo koma osakhala maloya, amene amalowa m'ndende kukaphunzitsa akaidi za belo, kufufuza mafayilo osowa ndi kulondola achibale oti akhale mboni. Bungwe la PASI linakula kuchokera pamenepo, ndipo maiko ena a mu Africa anatengera njira imeneyi. Mu 2004 akatswiri a maiko ambiri anakumana ku Lilongwe n'kugwirizana mfundo zothandizira osauka pa milandu, zimene mpaka lero zimatchedwa Lilongwe Declaration. Palinso ma camp court, pamene majisitireti amanyamula mafayilo n'kukakhala m'ndende momwemo, kuona amene akhalitsa pa limandi. Zonsezi zimayenda ngati mkulu wa ndende watsegula chitseko ndi mtima wonse n'kukonza mndandanda woona. Akakhala wamantha kapena waulesi, alendowo amangomwa tiyi mu ofesi n'kubwerera.

*

Pali maina atatu amene ndikanakonda aliyense wa msinkhu wathu awadziwe, chifukwa ndi anthu wamba amene anasintha lamulo.

Woyamba ndi Francis Kafantayeni. Kale munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, jaji analibe chosankha: chilango chinali imfa basi, kaya munthuyo anapha mwadala, kaya anali wodwala mutu, kaya anali wongotengeka ndi gulu. Mu 2007 Bwalo Lalikulu linagamula pa mlandu wa Kafantayeni ndi anzake kuti chilango chokakamiza choterechi n'chosemphana ndi Malamulo aakulu. Panadutsa zaka zina zisanu ndi zitatu kuti ntchito yozenganso zilango iyambe mu 2015. Ma paralegal anayenda m'midzi kukafunsa mafumu ndi achibale za anthu amene anachoka kwawo kalekale. Anthu oposa 100 anamasulidwa. Chilango cha imfa chikadali m'malamulo athu, koma kuyambira 1992 boma silinanyongepo munthu.

Wachiwiri ndi Gable Masangano, mkaidi amene anasumira boma m'malo mwa akaidi onse a m'dziko muno, pa nkhani ya kuthithikana, chakudya, zofunda ndi mankhwala. Boma linati lilibe ndalama. Mu 2009 khoti linakana yankho limenelo, linati kuthithikana kotere m'zipinda zopanda mpweya ndi nkhanza zonyoza umunthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichitepo kanthu kuchepetsa kuthithikanako ndi theka. Miyezi 18 ija inatha kalekale. Azakhali amati tsiku limene anamva chigamulochi pa wailesi anasangalala kuposa akaidi, chifukwa kwa nthawi yoyamba jaji ananena mokweza zimene iwo ankalemba m'malipoti mwezi ndi mwezi.

Wachitatu ndi wa kuno kwathu, Mayeso Gwanda, venda wogulitsa majumbo. Mu March 2015 analawirira mbandakucha kupita ku Limbe kukagulitsa, apolisi n'kumugwira chapa Chichiri pa mlandu wa vakabu. Lamulo limenelo mizu yake ili ku England, m'lamulo la 1824, ndipo linafika kuno ndi atsamunda. Linkalola wapolisi kumanga munthu pongomuganizira kuti ali pamalo ndi cholinga choipa. Tonse tikudziwa amene ankagwidwa: woyenda pansi, wopanda galimoto, wovala zakutha. Gwanda, mothandizidwa ndi bungwe la CHREAA la mu Blantyre muno ndi Southern Africa Litigation Centre, anakana kungovomera n'kulipira faini. Mu January 2017 Bwalo Lalikulu linathetsa ndime imeneyo, 184(1)(c) ya Penal Code.

N'chifukwa chiyani ndikutchula milandu ya kukhoti pa nkhani ya ntchito ya mng'ono wanga? Chifukwa mpopi ukamatayira madzi m'nyumba, wokolopa ndiye amadziwa bwino kuti madziwo akuchokera kuti. Wogwira ntchito m'ndende amaona ndi maso ake kuti wolowa ndi ndani: mnyamata wakuba foni, mayi wolephera kulipira faini, wodwala misala amene malo ake ndi kuchipatala ku Zomba, ndi chigawenga chenicheni, onse selo imodzi. Akakwera n'kukhala pa mipando imene amafunsidwa maganizo, amalankhula zimene waona. Dziko limene likufuna kukonza za chilungamo silingadalire maloya ndi mabungwe okha. Likufunika anthu anzeru mkati mwa mpanda.

*

Azakhali analowa ntchito kumapeto kwa ulamuliro wa Kamuzu, nthawi imene ndende zinali malo othyolera anthu. Inali nthawi imene Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu, nthawi imene Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Lamulo limene anaphunzira ku treningi linali la atsamunda, la 1956. Kenako kunabwera 1994, Malamulo atsopano akuti mkaidi ali ndi ulemu wake, kunabwera Inspectorate of Prisons yotsogozedwa ndi jaji yoyendera ndende. Asilikali omwe aja, ndi ndodo zomwe zija, anauzidwa kuti kuyambira lero ntchito yanu ndi kukonza anthu.

Iwo amati pa ntchito yawo yonse, ovuta kusintha sanali akaidi. Anali anzawo. Atakhala a OC analetsa kumenya, ndipo sajeni wina wachikulire anawauza pamaso kuti, "Madamu, mutiphetsa." Kwa miyezi ingapo ena sankawapatsa moni kulaini. Sanakalipe. Anayamba kulowa okha m'maselo m'mawa, kufunsa odwala, kumva madandaulo pamaso pa asilikali onse. Anatsegula kalasi pansi pa mtengo, aphunzitsi ake akaidi omwewo, mpaka ena analemba mayeso a MANEB. Anakonza dimba la masamba kuti ndiwo zisinthe. Patapita chaka ndewu zinachepa, ndipo sajeni uja ndi amene anayamba kuyang'anira dimbalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakhoma la pabalaza pawo ku Machinjiri, kumene akukhala chipumireni ntchito, pali chithunzi chodula m'nyuzipepala cha Vera Chirwa. Mayi ameneyu anagwidwa pamodzi ndi amuna awo mu December 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anatuluka mu January 1993. Patapita zaka, bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linawasankha kukhala woyendera ndende za mu Africa. Munthu amene anagona pa simenti zaka zonsezo anabwereranso m'ndende, ulendo uno atanyamula kope ndi cholembera. Azakhali amati akamatopa ankayang'ana chithunzi chimenecho, n'kudzifunsa kuti mayiyu atalowa pageti langa mawa, ndingamuonetse selo iti osachita manyazi?

Sindikufuna kuikometsera ntchitoyi. Malipiro ndi ochepa, nyumba zambiri za kulaini ndi zakale, ndipo mu 2017 asilikali a ndende anafika ponyanyala ntchito pofuna kuti aziwaganizira mofanana ndi apolisi. Mayesero ali pakhomo tsiku lililonse: wachibale wa mkaidi wokupatsira kenakake kuti foni ilowe, chamba chilowe, m'bale wake agone kukhoma. Ukangolandira kamodzi, mkaidiyo ndiye wasanduka bwana wako. Palinso zimene maso amaona zosafufutika, munthu kufa usiku ali chikhalire pa shamba, mwana woyamwa kuphunzira kuyenda m'bwalo la ndende chifukwa amayi ake ali m'menemo. Ena amathawira ku mowa. Ena mtima umauma n'kukhala mwala, ndipo amapita nawo mwalawo kunyumba kwa ana awo.

Koma m'malo omwewo mumatuluka zodabwitsa. Chimbale cha Zomba Prison Project, chimene anajambula m'ndende ya Zomba, chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi. Oimba ake anali akaidi, amuna ndi akazi, pamodzi ndi asilikali owayang'anira. Kuti zimenezo zitheke, panali mkulu wina amene anavomera kuti magitala ndi makina ojambulira alowe pageti.

*

Nkhani ya mng'ono wanga tinakaikamba ku Machinjiri Lamlungu masana. Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, bambo pa mpando, dzanja lawo lija lili pa bondo monga mwa nthawi zonse. Amayi analankhula nthawi yaitali, ndipo palibe anawadula. Anakumbutsa za usiku uja, za magazi pa simenti, za ngongole, za ine kuchoka pakhomo ndili mwana. Atamaliza, azakhali sanawatsutse.

"Alamu, zonse mwanenazi n'zoona," anatero. "Ine ndasunga anthu amene ndinkachita nawo mantha. Ena sindikanafuna kuti atuluke. Koma wotulutsa si ine."

Kenako anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Iwe, ukufuna ntchitoyi chifukwa chiyani? Usandinamize."

"Ndatopa ndi pa benchi paja, azakhali. Ndikufuna malipiro a pamwezi." Anakhala chete pang'ono. "Komanso ndinkaona mmene anthu ankakupatsirani moni mumsika. Anthu oti munawatsekerapo."

"Chifukwa choyambacho n'chokwanira kulowera," anatero azakhali. "Koma sichikwana kukhalitsa. Ukapita, ukaphunzire lamulo kuposa perete. Ukadziwe kuwerengera tsiku lotuluka la munthu, kuchotsera gawo limodzi mwa magawo atatu limene amakhululukidwa akasunga mwambo, osalakwitsa ngakhale tsiku limodzi. Ukalembetse sukulu, dipuloma, digiri, chilichonse, chifukwa mipando ya ku likulu ku Zomba sikhala yopanda anthu, ukapanda kukhalapo iwe akhalapo wina. Ndipo usadzalandire kanthu kwa mkaidi, ngakhale nthochi."

Bambo salankhulalankhula. Tonse tinadzidzimuka atatsokomola.

"Anyamata aja anatuluka kalekale," anatero. "Mmodzi ndinakumana naye pa depoti ku Limbe, akunyamula katundu. Anandizindikira, ine ndinamuzindikira. Usiku umenewo sindinagone. Ndinkangodzifunsa kuti kumene anali kuja anakamuchita chiyani. Anatuluka munthu, kapena anatuluka chilombo choposa chija chinalowa m'nyumba mwathu?" Anayang'ana amayi. "Amake ana, ngati kumeneko kulibe anthu abwino, ndiye akutikonzera chiyani?"

Ili ndi yankho limene ndinalephera kuwapatsa amayi pa foni, ndipo bambo analinena bwino kuposa mmene ndikanathera. Pafupifupi aliyense amene ali ku Chichiri lero adzatuluka. Adzabwerera ku Bangwe, ku Mbayani, ku Chilobwe, ku Manase, adzachita lendi nyumba yoyandikana ndi yanu. Funso loti akudya chiyani, akugona bwanji, akuphunzira ukalipentala kapena akuphunzira kuthyola maloko kwa akatswiri a m'selo, si la chifundo chokha. Likukhudza chitseko cha nyumba yanu. Wolakwiridwa ali ndi ufulu wokwiya, ndipo amayi anga sindidzawauza kuti akhululuke. Koma ngakhale wolakwiridwayo, chimene chingamuteteze mawa ndi ndende yoyendetsedwa ndi anthu amutu.

Amayi sananene kuti avomera. Anangonyamuka n'kukathandiza kupakula. Koma Lachitatu lotsatira ananditumizira uthenga wondifunsa mtengo wa bulangete ndi ndowa ku Limbe, ndiponso ngati ku Mapanga kumazizira ngati ku Bvumbwe.

Ngati muli ndi mnzanu kapena m'bale amene wavala yunifolomu imeneyi, musamuseke kuti anasowa chochita. Mufunseni kuti pa ndende yake pali anthu angati a pa limandi, ndipo amene wakhalitsa wakhala nthawi yaitali bwanji. Akayankha mosaganizira kawiri, dziwani kuti muli ndi munthu wofunika. Ndipo ngati muli ndi m'bale m'kati, musadikire Khirisimasi kapena 6 July kuti mwina dzina lake lituluka pa okhululukidwa. Pitani mukamuone, mufunse tsiku lake la kukhoti, mufunse za belo, mupite ku Legal Aid Bureau kapena kwa ma paralegal. Fayilo imene ili ndi woifunsa sisowa msanga.

Mng'ono wanga anyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Benchi lake la ku Limbe wasiyira mnzake. Ine ndamugulira nsapato zothamangira za pa kaunjika ndi sopo wokwana miyezi iwiri. Azakhali anamuitana yekha ku Machinjiri, ndipo pobwera anali ndi kope latsopano lachikuto cholimba, mizere itajambulidwa kale ndi rula pa tsamba loyamba: dzina, tsiku lolowa, mlandu, tsiku la kukhoti. Akuti asalembemo kanthu mpaka atafika pa ndende yake yoyamba.